Thanzi M'banja: Tsamba la ku China ndi Malungo a Kwathu

Mvula ikakhazikika ku Thyolo, minda ya tiyi imaphukira mwamphamvu, othyola amalawirira ndi madengu kumsana, udzudzu nawo n'kumaswana. Ndi nthawi imeneyi pamene anthu amayamba kulangizana kuti, "Ingowiritsani masamba a Artemisia, ndi omwewo amapangira LA." Mawuwa ali ndi choonadi pang'ono, n'chifukwa chake ambiri amawakhulupirira mpaka kuika moyo wa mwana pachiswe.

Choonadicho ndi ichi. Anthu a ku China akhala akulemba kasakanizidwe ka mankhwala azitsamba kwa zaka mazanamazana. Mu 1967, chloroquine atayamba kulephera, boma lawo linakhazikitsa ntchito yofunafuna mankhwala atsopano a malungo. Mayi Tu Youyou ndi anzawo anasonkhanitsa njira zakale zoposa 2,000. M'buku la Ge Hong, la m'zaka za m'ma 300, anapeza kuti chomera cha qinghao, chomwe ndi Artemisia annua, ankachiviika m'madzi, kuchifinya ndi kumwa madziwo. Za kuwiritsa sizinatchulidwe. Apa Mayi Tu anaganiza kuti moto ndi umene unkawononga mphamvu ya chomeracho. Mu 1971 anayesa njira yosafuna kutentha kwambiri ndipo zinatheka. Mankhwala amene anapezawo ndi artemisinin, ndipo mu 2015 mayiwa analandira mphoto ya Nobel.

Kuno kwathu tinasiya chloroquine mu 1993 n'kuyamba Fansidar. Nayenso atafooka, mu 2007 tinayamba LA. Choncho n'zoona kuti LA anachokera ku tsamba. Koma kapu ya masamba owiritsa si LA.

Ngakhale ambiri a ife sitimwa tiyi, amene amagwira ntchito m'maesiteti amadziwa kuti masamba safanana. Nthaka, nyengo, nthawi yothyolera ndi kaumitsidwe zimasintha mphamvu ya tsamba, n'chifukwa chake kufakitale kumakhala akatswiri olawa. Artemisia ndi chimodzimodzi: palibe mayi angadziwe kuchuluka kwa mankhwala ali m'mphika wake. Komanso artemisinin sasungunuka bwino m'madzi, ndipo amachoka m'thupi pakangopita maola ochepa. Amapha tizirombo tambiri, thupi n'kuzizira, banja n'kuyesa kuti wodwala wachira, pamene tina tatsalira m'magazi.

M'piritsi la LA muli mankhwala awiri. Artemether amamenya msanga, pamene lumefantrine amakhala m'thupi masiku angapo kumalizitsa tizirombo totsala. N'chifukwa chake bungwe la WHO sililimbikitsa kugwiritsa ntchito masamba a Artemisia pochiza kapena popewa malungo. Mankhwala operewera amaphunzitsa tizirombo kupirira, ndipo ku Rwanda ndi ku Uganda kwapezeka kale tizirombo tochedwa kufa ndi artemisinin. Tikamutaya LA monga tinatayira chloroquine, adzavutike ndi ana athu.

Tisamalenso ndi timapaketi ta zitsamba zochokera kunja, tolembedwa m'chinenero chimene sititha kuwerenga. Ku Belgium, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi ambiri anawonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsa thupi omwe munalowa chomera cha Aristolochia m'malo mwa china. Amene mumamwa ma ARV kapena mankhwala a BP ndi shuga, musawonjezere zitsamba musanafunse adokotala.

Nanga tichite chiyani mwana akatentha thupi? Pitani naye tsiku lomwelo kukayezetsa magazi, kaya ku chipatala cha Malamulo ku Makwasa, ku chipatala cha boma ku Thyolo, kapena ku chipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi. Akampeza ndi malungo, LA amamwa kawiri patsiku kwa masiku atatu, ndipo amalize onse ngakhale ayambe kusewera tsiku lachiwiri. Mupatseni ndi chakudya cha mafuta pang'ono, monga mkaka kapena phala lotsira nsinjiro, pakuti lumefantrine amalowa bwino m'thupi motero. Musagawire m'bale wake mapiritsi ake. Akamakomoka, kusanza chilichonse kapena kukana kuyamwa, musadikire kuti kuche, ngakhale pa Sabata. Ndipo usiku uliwonse banja lonse ligone m'masikito.

Mlengi anaikadi mankhwala m'masamba. Anatipatsanso nzeru zoyezera muyezo wake, ndipo tizigwiritse ntchito dzinja lino.