Sensa ya 100 bar pathanki? Ine ndakana

Thanki ya madzi ikakhala paphiri ngati la Mpingwe, palibe angamakwere ola lililonse kukasuzumira kuti madzi afika pati. Ntchitoyo imagwiridwa ndi sensa ya pulesha yoikidwa pansi pa thanki. Nditafunsa ophunzira anga kuti angagule iti, ambiri anasankha ya 100 bar. "Ndi yamphamvu, aphunzitsi!" Apa ndiye tasiyana maganizo.

Kumbukirani P = ρgh. Madzi akuya mamita 10 amakankha ndi pulesha pafupifupi 1 bar. Tiyerekeze thanki yakuya mamita 5: ikadzaza ndi 0.5 bar basi. Tsono sensa ya 100 bar yomwe imaphonya ndi 0.5 peresenti ya sikelo yake ikhoza kulakwitsa ndi 0.5 bar. Ndiye kuti thanki yonsetu! Ingakuuzeni kuti yadzaza pomwe mulibe ngakhale dontho, amayi aku Bangwe n'kudzukira kumipopi youma. Ya 1 bar ingaphonye ndi masentimita 5 okha.

Yaikuluyo malo ake ndi pamapaipi ngati ochokera ku Walker's Ferry, komwe Blantyre Water Board imapopa madzi a mu Shire n'kuwakweza mamita pafupifupi 800 kuti afike mumzinda. Kumeneko yaing'onoyo siingalimbe.

Nanga transmitter yotumiza uthengawo kuofesi? Ine ndimasankha ya 4–20 mA. Thanki ikauma imatumizabe 4 mA, osati 0. Mukaona 0, musathamangire kuyatsa pampu: waya waduka penapake, kapena magetsi athima.