Musataye negetivu, ndiye mboni yeniyeni

M'zaka za m'ma 1990 ojambula zithunzi a ku Edingeni ndi pa Mzimba boma ankatumiza mafilimu m'tauni kukatsukitsa. Zithunzi zikabwera zoipa, wojambula ankaloza chala otsuka, otsuka n'kumati kamera yako ndi yakutha. Mwini ukwati ndiye ankangokhala kukamwa yasa, ndalama zitapita.

Ine ndikuti milandu yambiri yotere inali yosavuta kuweruza. Mboni inalipo, ndiye negetivu. Kuona maso a nkhono n'kudekha: itengeni, muiyang'ane kowala.

Yambani ndi m'mphepete, pafupi ndi timabowo tija. Fakitale imaikamo manambala ndi dzina monga Kodak kapena Fuji, ndipo zimenezi zimaoneka pokhapokha filimu yatsukidwa bwino. Ngati manambala akuoneka koma pakati palibe chithunzi, otsuka alibe mlandu: filimu sinakoledwe bwino m'kamera, kapena kamera sinatsegule diso. Koma ngati filimu yonse ili mbee, ndi manambala omwe osaoneka, mankhwala otsukira sanagwire ntchito. Pamenepo wojambula musiyeni.

Malawi ofiira pachithunzi amatanthauza kuti kuwala kunalowa, kawirikawiri chifukwa chitseko cha kamera sichitsekeka bwino kapena wina anatsegula filimu isanakulungidwe. Timadontho toyera ndi fumbi lomwe linali pa negetivu posindikiza. Ikapukutidwa bwino, chithunzi chimatuluka choyera. Mzere wautali wodutsa zithunzi zonse ndiye wovuta, pakuti ungachokere ku mchenga wa m'kamera kapena ku makina a otsuka. Ukabweranso malo omwewo pa filimu yotsukidwa kwina, vuto ndi kamera.

Nanga mitundu yosokonekera? Njira yotsukira filimu yamitundu, C-41, yomwe Kodak inayambitsa mu 1972, imafuna mankhwala akhale pa madigiri 37.8. Otsuka akalekerera kutenthako, kapena akaumira mankhwala otha mphamvu, mitundu imasokonekera. Filimu yosiyidwa padzuwa nayonso imaonongeka isanafike n'kotsukira komwe.

Mwina mukuti, zakalezi zitithandiza chiyani lero pamene aliyense akujambula ndi foni? Zitithandiza kwambiri. Manegetivu aja akadali m'masutikesi, ndipo ambiri akuwataya poona kuti chithunzi cha pepala chafwifwa. Chonsecho negetivu yosungidwa pouma ndi pamdima ingathe kuikidwa pa kompyuta, nkhope ya agogo n'kuonekanso bwino. Muli ingoma ya kwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa m'menemo, muli abambo akunyamuka ulendo wa ku Joni, mwinanso mizere ya anthu pa referendamu ya pa 14 June 1993.

Inu amalonda a m'masitudiyo, apa pali bizinesi. Inu ana asukulu, mukapita kutchuthi funsani makolo komwe anaika timapepala tabulauni tija. Musatigwire pakati ndi zala, gwirani m'mphepete. Tikapita kudzala, palibe adzatibweze.