Mupatseni chingwe aimitse makina

M'fakitale zambiri zomwe ndalowamo, chokulandira pageti ndi chikwangwani chakuti ubwino wa katundu ndi udindo wa aliyense. Mu ofesi ya bwana mwapachikidwa satifiketi ya ISO 9001. Koma pitani kumbuyo, kuphokoso, mukafunse mnyamata woyendetsa makina otsekera mabotolo kuti anamuphunzitsa ndani. Akakuuzani kuti anaonerera mnzake masiku awiri, lachitatu anangomusiyira. Mabotolo akatuluka odontha, kalata yochenjeza imapita kwa iyeyo. Zimenezi mabwana athu akuzitcha Total Quality Management. Ine ndikuti ndi bodza lamkunkhuniza.

W. Edwards Deming, Mmereka amene anakaphunzitsa akuluakulu a makampani ku Japan mu 1950, ankadana nazo zikwangwani zotere. Pa mfundo zake 14 pali zonena kuti mawu olimbikitsa opachika m'makoma achotsedwe, wantchito aphunzitsidwe pantchito pomwepo, mantha athe, ndiponso kuti kampani ileke kudalira kuyendera katundu kumapeto. Iye ankati zolakwika zambiri zimachokera m'kayendetsedwe ka ntchito, komwe kali m'manja mwa oyang'anira. Wantchito sasankha makina, sagula zipangizo, saika liwiro la lamba. Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo.

Amene amati anthu athu ngaulesi amve za ku Fremont, ku California. Fakitale ya galimoto ya General Motors kumeneko inali yotchuka ndi kujomba, sitiraka ndi kumwa mowa pantchito, mpaka inatsekedwa mu 1982. Mu 1984 inatsegulidwanso m'dzina la NUMMI, ikuyendetsedwa ndi Toyota. Ambiri mwa olembedwa anali anthu akale omwe aja, bungwe lawo la apantchito lomwe lija. Toyota inatumiza mazana a iwo ku fakitale yake ya Takaoka ku Japan kukagwira ntchito limodzi ndi anzawo kwa milungu ingapo. Atabwerako anapeza chingwe cholendewera pamalo a aliyense: ukaona cholakwika, koka, kapitawo abwere kudzakuthandiza, ndipo zikakanika lamba aime. Kale lija kuimitsa lamba unali mlandu waukulu, kotero galimoto yolakwika inkangodutsa kuti akaikonze kubwalo. Pasanathe zaka zambiri, galimoto za ku Fremont zinali m'gulu la zabwino koposa mu General Motors monse. Manja anali omwewo. Chinasintha ndi maphunziro, komanso ufulu wonena kuti apa pavuta.

Mabwana amayankha kuti ukamuphunzitsa munthu amathawira kwa opikisana nawo. Zimachitikadi. Koma chimamuthamangitsa nchiyani? Munthu amene mwamusunga ngati waganyu zaka zitatu, kontirakiti yake mukumangoilumikiza miyezi itatuitatu, simungamuuze kuti akonde katundu wanu. Sangakokenso chingwe, chifukwa akudziwa kuti wolankhula ndiye woyamba kuchotsedwa. Ku NUMMI malonda atatsika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kampani sinachotse anthu. Nthawi yomwe makina anali chete inapita kumaphunziro. Nanga wosaphunzira amene watsala nanuyo, kodi iye ndi waulere? Mukumulipirira tsiku ndi tsiku, m'makatoni obwezedwa ndi ogula, m'zipangizo zotayika, m'makina othyoka, nthawi zina m'chala chodulidwa.

Ena amati ndalama palibe. Ku Malawi olemba ntchito amapereka kale msonkho wa maphunziro a ntchito zamanja ku TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. Kupereka msonkho n'kusiya kufunsa kuti wantchito wanga apindula bwanji, kumeneko ndi kulima n'kusiyira anyani. Ndipo ndalama ya maphunziro ikapezeka m'kampani, timadziwa kumene imapita: mamanejala kunyanja sabata yathunthu, alawansi m'thumba, n'kubwerako ndi malaya olembedwa mawu okoma. Wowotcherera zitsulo ku Kanengo kapena wosoka matumba ku Makata amangomva kuti kunali msonkhano.

Sindikunyoza satifiketi. Ogula akunja amaifuna, ndipo miyezo ya Malawi Bureau of Standards njofunika kuitsata. Koma satifiketi imachitira umboni kuti ndondomeko zinalembedwa ndipo woyendera anazipeza m'malo tsiku limene anabwera. Usiku, bwana ali mtulo, botolo limatsekedwa ndi mnyamata uja.

Masitolo a ku Lilongwe, Lusaka ndi Harare adzaza ndi katundu wa ku Johannesburg ndi ku China, ndipo mayi wogula sopo sawerenga zapakhoma la ofesi yanu. Mukafuna kudziwa ngati fakitale yanu ili pa njira, musafunse wolemba malipoti. Funsani kuti mwezi wathawu ndi antchito angati anaimitsa makina ataona cholakwika, ndipo chinawachitikira nchiyani. Ngati palibe ndi mmodzi yemwe, musasangalale. Zolakwikazo zinalipo, ndipo zafika kale kwa ogula.