Singano za Miss Marple si zokongoletsera nkhani

Pa mabuku ofufuza milandu pali mtundu wina umene ku Britain ndi ku America amautcha cozy mystery. Munthu amaphedwa ndithu, koma magazi saonetsedwa, zotukwana mulibe, ndipo zonse zimachitikira m'kamudzi kamene aliyense amadziwa mnzake. Wofufuza mlanduwo kawirikawiri sakhala wapolisi. Amakhala gogo woluka majuzi, mayi wophika makeke, kapena bambo wosamalira dimba la zitsamba. Anzathu amene timabwerekana nawo mabukuwa amadandaula chinthu chimodzi: wolemba akutayiranji nthawi kukamba za ulusi ndi maluwa pamene ife tikufuna kudziwa amene wapha munthu? Ife tikuti ulusi ndi maluwawo ndiwo amanyamula nkhani yonse, kupatula pamene wolembayo wachita ulesi. Ndipo ochita ulesi alipo.

Tiyambe ndi gogo wa onse, Miss Jane Marple wa m'mudzi wopeka wa St Mary Mead. Agatha Christie anayamba kulemba za gogowa m'nkhani yaifupi mu 1927, ndipo buku lawo loyamba, The Murder at the Vicarage, linatuluka mu 1930. Amapezeka m'mabuku aatali 12. Gogowa sanakwatiwepo, sanagwirepo ntchito ya upolisi, ndipo zimene amachita tsiku ndi tsiku n'zitatu: kuluka, kusamalira maluwa, ndi kuonerera mbalame ndi magalasi oonera patali.

Taonani mmene zitatuzi zimagwirira ntchito. M'buku la 1930 lija munthu akuwomberedwa m'nyumba ya m'busa, ndipo dimba la Miss Marple layandikana ndi nyumbayo. Poti nthawi imeneyo anali m'dimba, anaona onse odutsa. Anaona kuti mayi wina anadutsa wopanda kachikwama ka m'manja. Apolisi anatenga zimenezi ngati umboni woti mayiyo analibe pobisa mfuti. Gogowa anadzifunsa funso lina: ndi mayi uti wa m'mudzimo amene amapita kokagula zinthu wopanda kachikwama, ngati sakufuna dala kuti anthu aone kuti manja ake ali opanda kanthu? Dimba ndilo linawaika pamalo oti aone. Zaka zambiri zokhala phee n'kumayang'ana anthu ndizo zinawaphunzitsa kudabwa ndi chinthu chimene chikusowa.

M'nkhani yaifupi yotchedwa The Four Suspects muli kalata imene Sir Henry Clithering, yemwe kale anali mkulu wa apolisi a Scotland Yard, anaiwerenga osapezamo kanthu. Mayina a m'kalatayo ankaoneka ngati a anthu ndi malo wamba. Miss Marple ndi mnzawo Mrs Bantry, onse okonda maluwa, anazindikira kuti ndi mayina a mitundu ya duwa lotchedwa dahlia, ndipo zilembo zoyamba za mayinawo zikaphatikizidwa zikupanga mawu a Chingerezi otanthauza imfa. Mkulu wa apolisi analephera osati chifukwa chopusa ayi. Sanawerengepo ndandanda ya ogulitsa mbewu za maluwa, basi. Ngakhale m'buku lomaliza kusindikizidwa, Sleeping Murder la 1976, chimene gogowa akupulumutsira mtsikana m'manja mwa chigawenga ndi kapampu kopoperera nsabwe za m'maluwa, kodzaza ndi madzi a sopo, amene akumuthira wakuphayo m'maso.

Nanga kuluka? Apa ndi pamene Christie anaonetsa kuti anthu ankawadziwa. Gogo amene wakhala pakona ndi singano zake anthu samuwerengera. Amalankhula pamaso pake ngati palibe munthu. Wapolisi akalowa m'chipinda aliyense amatseka pakamwa, koma gogo woluka amamva zonse kwinaku akuwerenga mfundo za ulusi. Motero mabuku amenewa amanena chinthu chimene mabuku ambiri ofufuza milandu sanena: nzeru za mayi wokalamba wopanda udindo, zimene anazitola m'khitchini ndi m'dimba, ndi nzeru zenizeni, ndipo amene amazipeputsa amagwidwa nazo.

Christie yemweyo ankadziwanso kuseka nazo. M'buku la The Murder of Roger Ackroyd la 1926, Hercule Poirot wapuma pa ntchito yofufuza milandu n'kukakhala kumudzi kuti azilima mtundu wina wa maungu. Ulimiwo ukumukwiyitsa mpaka akuponya dzungu kudutsa mpanda, pang'onong'ono kugenda dokotala woyandikana naye. Dzungu limenelo silithandiza kupeza wakupha, koma m'mizere yochepa latiuza kuti bamboyu sanabadwire khasu ndipo akungodikira mlandu woti umuchotse m'mundamo.

Pamenepa tingapeze muyeso. Tichotse m'nkhanimo chimene mpangankhani amakonda kuchita pa nthawi yake yopuma. Ngati mlandu ukuthabe bwinobwino ndipo munthuyo sanasinthe, ndiye kuti chinali chomata chabe.

Mabuku ambiri a masiku ano sapambana pa muyeso umenewu. Ku America, Diane Mott Davidson anatulutsa Catering to Nobody mu 1990, buku limene mkati mwake munali malangizo a kaphikidwe ka zakudya. Mu 2000 Joanne Fluke anayamba nkhani za Hannah Swensen, wophika mabisiketi m'tauni yopeka ya Lake Eden ku Minnesota, ndipo mabuku ake apitirira 20. Kauni kakang'ono kotero, maliro onsewo, anthu osasamuka! Lero kuli mabuku a osoka, a oweta amphaka, a ogulitsa mabuku akale, a okonda kudzaza mawu m'timabokosi ta m'nyuzipepala. Osindikiza anazindikira kuti wokonda kuphika adzagula buku lokhala ndi keke pachikuto. Ena mwa mabukuwa ndi okoma, sitikukana. Koma m'ambiri, mutu ukatha pamabwera malangizo ophikira, kenako nkhani n'kupitirira ngati palibe chachitika. Wophikayo akanakhala wosoka kapena woweta nkhuku, wakupha akanapezeka chimodzimodzi.

Apa pali vuto lalikulu kuposa ulesi, ndipo amene amakayikira mabuku oterewa ali ndi mfundo. Munthu wafa, banja lake likulira, koma tsamba lotsatira likutiuza kuchuluka kwa shuga wothira mu ufa. Imfa yasanduka mchere wokometsera nkhani ya makeke. Tikawerenga mabuku otere khumi motsatizana, kodi mtima sukuzolowera kuona maliro ngati masewera? Funsoli sitikulitaya kutali. Tikungoona kuti olemba aluso analiyankha kale, ndipo analiyankha pogwiritsa ntchito zokonda za ampangankhani zomwezo.

Dorothy L. Sayers analemba The Nine Tailors mu 1934. (Amene simunaliwerenge mutikhululukire, tiulula mathero.) Lord Peter Wimsey, munthu wolemera wokonda mabuku akale ndi nyimbo, amadziwanso luso la Angerezi loimba mabelu a tchalitchi mosinthanasinthana. Galimoto yake itagwera m'ngalande pafupi ndi mudzi wa Fenchurch St Paul usiku wolowa chaka chatsopano, akupeza kuti mmodzi mwa oimba mabelu wadwala. Akulowa m'malo mwake ndipo akuimba nawo kwa maola 9. Patapita miyezi, m'manda mwa munthu wina mukupezeka mtembo wachilendo. Wimsey akufufuza mpaka kumapeto, kumene akuzindikira kuti munthuyo anali atamangidwa m'chipinda cha mabelu usiku womwe uja, ndipo chinamupha ndi phokoso la mabeluwo. Wofufuza uja anali mmodzi mwa ogwira zingwe. Palibe keke pamenepa. Chinthu chimene ankachikonda, chimene anachita pofuna kuthandiza mpingo, ndicho chinachotsa moyo wa munthu, ndipo ayenera kukhala nacho chidziwitso chimenecho.

Ellis Peters anachitanso zofanana ndi Brother Cadfael, mmonke wosamalira dimba la zitsamba ku Shrewsbury m'zaka za m'ma 1100. M'buku la Monk's Hood la 1980, mafuta amene Cadfael anapanga kuti anthu azipaka m'malo olumikizana mafupa mukamawawa, wina akuwathira m'chakudya n'kupha nawo munthu. Cadfael akuzindikira poizoniyo ndi fungo lake chifukwa anamupanga ndi manja ake, ndipo n'chifukwa chake sangathe kungokhala n'kusiyira ena mlanduwo. M'mabuku awiriwa luso la mpangankhani silikuphimba imfa. Likumukokera pafupi nayo.

Kufupi ndi kwathu kuno kuli Mma Precious Ramotswe wa ku Gaborone, m'mabuku a Alexander McCall Smith amene anayamba mu 1998. Mayiwa anatsegula ofesi yofufuza milandu ndi ndalama zogulitsa ng'ombe za malemu bambo awo, ndipo milandu yambiri imene amalandira si ya kupha: mwamuna wosowa, wantchito wokayikitsa, bambo wonamizira ubale. Chimene amakonda ndi tiyi wa rooibos, amene, tinene m'pang'ono pomwe, alibe kafeini, choncho a zaumoyo pano asatikwiyire. Tiyiyo ndi chida chawo. Wobwera ndi nkhawa amayamba wakhala pansi, kapu m'manja, ndipo pofika kapu yachiwiri wanena zimene sakananena kwa munthu wofunsa mafunso ali chiimire.

Ife amene tikuphunzira uphunzitsi nkhaniyi ikutikhudza pa chifukwa china. Posachedwa tidzakhala tikuchonga nkhani zopeka za ana a Fomu 2, ndipo tonse tikudziwa mmene mpangankhani wa m'zimangirizo zathu ankakhalira: mnyamata wamakhalidwe abwino, wolimbikira sukulu, womvera makolo. Dzina ali nalo, koma manja alibe. Sitidziwa chimene amachita akaweruka. Mwina m'malo molemba ndi cholembera chofiira kuti "fotokoza bwino mpangankhani", tingamufunse mwanayo funso limodzi: munthu wakoyu amakonda kuchita chiyani, ndipo chimenecho chamuphunzitsa kuona chiyani chimene anzake saona? Mtsikana woluka anzake tsitsi amamva nkhani za mabanja asanu masana amodzi. Wopanga galimoto zamawaya amadziwa mpanda umene wadulidwa ndi pulayala ndi umene wangothyoka ndi dzimbiri. Mnyamata woweta nkhunda amadziwa kuti nkhunda siziuluka usiku popanda chozidzidzimutsa, ndiye ngati zinabalalika m'khola cha m'ma 2 koloko, winawake anadutsa kuseri kwa nyumba, ngakhale mlonda akulumbira kuti sanaone munthu.