Mapepala ali pakati pa bwalo, koma ayambe kudzuka ndani?

Ndinakhala nawo pa msonkhano wina wa chitukuko pansi pa mitengo ya mango ku Katuli, kum'mawa kwa boma la Mangochi, kufupi ndi malire a Mozambique. Wotsogolera anali mnyamata wa bungwe lina la ku Lilongwe. Anayala mapepala akuluakulu ndi zolembera pakati pa bwalo, nati aliyense amene ali ndi nkhani kumtima adzuke, ailembe, aitane ofuna kukambirana naye. Pabwalo panangoti zii. A Gulupu anali pampando, nduna zawo pambali, amayi pamphasa chapatali. Maso onse anali kwa a Gulupu. Mnyamata uja anandinong'oneza kuti anthu akuno ngamanyazi.

Sanali manyazi ayi. Anthuwo ankadikira kuti mwini bwalo alitsegule.

Njira imene mnyamatayu anabwera nayo imatchedwa Open Space, ndipo anaiyambitsa ndi Harrison Owen wa ku America mu 1985. Iye anaona kuti pa misonkhano ikuluikulu mfundo zenizeni zimatuluka anthu akamamwa khofi pa nthawi yopuma, osati akamamvera zokamba za pagome lapamwamba. Choncho anachotsa ndondomeko yolemberatu. Anthu amakhala mozungulira, amatchula okha mitu, n'kugawikana m'magulu momwe afunira. Palinso lamulo la mapazi awiri, loti ukaona kuti pamene uli sukuphunzirapo kanthu kapena kuthandizapo, nyamuka upite kwina. Chodabwitsa n'chakuti Owen ankanena kuti nzeruyi anaitola kuno ku Africa, m'mudzi wa Balamah ku Liberia, komwe anaona chinamwali cha anyamata chikuyenda bwino masiku anayi popanda komiti yokonza.

Amene amati njirayi siingagwire ku Katuli ali ndi mfundo, ndipo ndimawamva. Kudzuka mfumu isanalankhule n'kusowa mwambo. Kunyamuka wamkulu ali pakati pa mawu n'chipongwe chimene munthu angaitanidwe nacho kubwalo. Ayao ambiri amatsata chikamwini, ndiye mwamuna wokhala kwawo kwa mkazi sangangoima n'kutsutsa mwini mbumba kapena kulankhula momasuka apongozi ali pomwepo. Ndiye pali nkhani ya cholembera. Kuuza anthu kuti nkhani ilowa m'msonkhano pokhapokha italembedwa, ndiponso m'Chichewa, pomwe ambiri pakhomo amalankhula Chiyao ndipo ena sukulu sanapite nayo patali, ndiko kupereka bwalo lonse kwa aphunzitsi ndi alembi a makomiti.

Komabe amene amanena kuti anthu akumudzi sangadzilongosole okha popanda wowalamula sanapitepo ku maliro a Chisilamu. Uthenga ukangomveka, ena ali kumanda kukumba, ena akukonza sanda, amayi akutunga madzi ndi kusonkha moto. Jeneza ikanyamuka imayenda paphewa ndi paphewa, wina akulandira mnzake, palibe woitana mayina. Pa sadaka n'chimodzimodzi. Kudzilongosola kulipo kale, kungoti aliyense amadziwa malo ake asanafike. Ndiganiza kuti zimene Owen anaona ku Liberia zinalinso choncho. Komiti panalibe, inde, koma akuluakulu ndi mwambo zinalipo.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga okonda kuteteza chikhalidwe. Malo odziwika kale aja amatsekanso pakamwa anthu ena. Chiyambire lamulo la maboma aang'ono la 1998, mapulani a chitukuko amayenera kuyambira m'makomiti a m'midzi ndi a m'madera, a VDC ndi ADC, koma amene anakhalapo pa misonkhanoyi akudziwa mmene imathera. Wamkulu akatchula mlatho, onse amawomba m'manja, ndipo mayi amene amadzuka mbandakucha kukaima pamzere pa mjigo amabwerera ndi nkhani yake kumtima. M'dera ngati lino, kumene amuna ambiri ali ku Joni, amayi ndiwo akusenza minda, ana ndi ngongole za ku banki mkhonde. Msonkhano umene suwamva wasowa eni nkhani. Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndiye njira yachilendoyi ili nayo ntchito, bola wotsogolera asaione ngati malemba oyera osasinthika.

Tsiku lija zinthu zinasintha mayi wina wa mukomiti atapita kukagwada pafupi ndi nduna n'kunong'ona. A Gulupu anaimirira, nalankhula m'Chiyao, nati lero aliyense alankhule, ndipo wochoka pagulu lina kupita pa lina sanyoza munthu chifukwa iwo aloleza. Lamulo la mapazi awiri linasanduka lamulo la mfumu, ndipo anthu analitsata mosavuta. Mitu inatchulidwa pakamwa, ana asukulu awiri n'kumalemba. Amayi anakakhala paokha kuseri kwa kalasi ina yapafupi, ndipo phokoso lawo linaposa la magulu onse.

Sikuti zonse zinayenda. Gulu limene munakhala a Gulupu linadzaza, ndipo palibe anayerekeza kuchokamo. Akamwini awiri amene ndinakhala nawo pafupi sanatsegule pakamwa mpaka kumapeto. Ndipo poti mnyamata wa ku Lilongwe uja anaika msonkhano wake Lachisanu, dzuwa litafika paliwombo amuna onse ananyamuka ulendo wa kumzikiti, mapepala atatu akadali osalembedwa.