PAKHONDE LA MADRASA: Nyanja pa Mtsuko



Mwezi wathawu mayi wina wachikulire anabwera kumadrasa atagwira mdzukulu wake padzanja. Mtsikanayo anali ataumba kamtsuko n'kujambulapo mafunde, bwato ndi chambo chachikulu. Mayiyo anandifunsa kuti: "A Mwalimu, anthu akuti zimenezi ndi haramu. Kodi ndimuletse?" Yankho lomwe ndinapereka ndilibwereze pano, chifukwa funsoli lili m'makomo ambiri.

Choyamba, kuumba mbiya si tchimo. Ndi ntchito ya halali ngati usodzi kapena ulimi. Qur'an yolemekezeka, mu Surah Ar-Rahman ndime 14, imatikumbutsa kuti munthu analengedwa kuchokera kudongo louma longa la mbiya. Komanso luso limeneli ndi lakalekale kunyanja kuno. Pa Nkope, m'boma la Mangochi, akatswiri ofukula zakale anapeza mapale a mbiya zomwe zinaumbidwa zaka zoposa 1,000 zapitazo, zokongoletsedwa ndi mizere kukhosi.

Chachiwiri ndi nkhani ya chambo chija. M'mabuku a Hadith a Bukhari ndi Muslim muli nkhani ya munthu yemwe ankadya za kujambula. Iye anapita kwa Ibn Abbas (RA) kukafunsa za ntchito yakeyo. Ibn Abbas anamuchenjeza za kujambula zamoyo, koma atamuona kuti wada nkhawa, sanamuuze kuti asiye ntchito ayi. Anamulangiza kuti azijambula mitengo ndi zinthu zopanda mzimu. Taonani nzeru zake: anatseka khomo limodzi n'kutsegula lina.

Nanga zopanda mzimu kunyanja kuno n'zochepa? Alipo mafunde a mwera, mabango, migwalangwa, milambe, mapiri a kutsidya, chilumba cha Boadzulu, ngalawa ndi nyali za asodzi a usipa usiku. Asilamu anzathu a ku Iznik, m'dziko la Turkey, anatchuka m'zaka za m'ma 1500 ndi mbale komanso matailosi ojambulidwa maluwa ndi masamba, ndipo mpaka lero zikukongoletsa mizikiti ya ku Istanbul.

Mayi uja ndi mmisiri, ndipo anandiphunzitsa zambiri. Dongo amalikanda bwino n'kuchotsa timiyala tonse, chifukwa kamwala kamodzi kamaswetsa mbiya pamoto. Mafundewo amawalemba ndi kamtengo kosongoka kapena chigoba cha nkhono dongo lisanaumitsitse. Kenaka amasalaza ndi nkhulungo n'kuumitsa pamthunzi kwa masiku angapo. Ukathamangira kuika padzuwa, mbiya imachita ming'alu. Ukaotcha yosauma, imaphulika. Mwana woumba amaphunzira sabr asanadziwe n'komwe kulemba liwulo.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti ndowa zapulasitiki zalowa m'nyumba iliyonse, ndipo agogo odziwa kuumba akutha mmodzimmodzi. Komatu madzi a mumtsuko amazizira okha, popeza timabowo ta m'dongo timalola madzi pang'ono kutuluka n'kuuma ndi mphepo. Amene anafuturu ndi madzi otere m'Ramadhan ya nyengo yotentha akudziwa zomwe ndikunena.

Makolo anzanga, mwana akaonetsa luso tisathamangire kukalipa ndi liwu la haramu tisanafunse ma Sheikh athu. Timuongolere. M'mera mpoyamba.

Mtsikana uja wabweretsa mtsuko wachiwiri. Pali mafunde, bwato ndi mlambe, ndipo tauika pakhomo la madrasa kuti ana azimwera.

Allah ndiye Wodziwa koposa. Wassalam.