Chinjoka Chikalosera, Ndiye Tiphe Mwana?

Lachinayi lapitali, nditatseka chitseko cha madrasa kuno kwa Likoswe, ndidapeza anyamata anayi a kalasi yaikulu ali pansi pa mtengo wa mango, mawu atakwera ngati akulimbirana malire a munda. Ndidayandikira poganiza kuti ndikaleretse ndewu. Koma ayi, mkangano udali wa sewero la pa kanema lotchedwa Merlin, limene BBC idaonetsa kuyambira 2008 mpaka 2012, ndipo mpaka lero likuyendabe m'mafoni ndi m'mamemore a ana athu. Ndikhulupirira kuti ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota nakonso lidafika kale.

Makolo ambiri akamva zotere amathamangira kunena kuti filimu ya matsenga ndi haramu, alande foni, nkhani ithere pomwepo. Za maola amene ana amataya pa kanema mpaka Maghrib kuwadutsa, ndigwirizana nanu ndithu. Koma kulanda foni sikuchotsa zimene zalowa kale m'mutu. Ine ndidakhala pansi kumvetsera, ndipo matsenga a m'seweromo sadandidetse nkhawa, pakuti ngakhale mwana wa Sitandade 5 amadziwa kuti chinjoka cholankhula ndi ntchito ya kompyuta. Chidandiopsa ndi chigamulo chimene atatu mwa anayiwo adagwirizana: Merlin adalakwa posamupha Mordred akadali mwana.

Kwa amene simudalionere, nkhani yake ili motere. Mu ufumu wa Camelot mfumu Uther idaletsa matsenga, ndipo wopezeka nawo ankaphedwa. Merlin, mnyamata wantchito wa kalonga Arthur, ali ndi mphamvu zimenezi koma akuzibisa. Pansi pa nyumba ya mfumu pali chinjoka chamapiko chomangidwa ndi unyolo, dzina lake Kilgharrah, chimene chimamuuza Merlin zam'tsogolo. Tsiku lina Merlin adabisa kamnyamata kothawa asilikali, Mordred, ndipo chinjoka chidamuchenjeza kuti kamwanako kadzapha Arthur, choncho akasiye kafe. Chidamuchenjezanso za Morgana, mtsikana woleredwa m'nyumba ya mfumu, kuti asamuthandize. Kumapeto kwa sewero Morgana adasandukadi mdani, ndipo Mordred adamubayadi Arthur pa nkhondo ya ku Camlann. Anyamata anga akuti: mwaona, Ustazi, chinjoka sichidaname.

Ndikuti adaonera ndi diso limodzi. Tiyeni tiyende m'mapazi a nkhaniyo. Morgana adayamba ali mtsikana wachifundo, wolimba mtima podzudzula Uther pa nkhanza zake. Maloto atayamba kumuzunza usiku, adasowa womuuza zoona. Sing'anga wa mfumu, Gaius, ankangomupatsa mankhwala ogonetsa, ndipo Merlin, amene ankadziwa bwino ululu wobisa chinsinsi chotere, sadamuululire kuti naye ali chimodzimodzi. Kenako Merlin yemweyo adamumwetsa chiphe m'madzi pofuna kupulumutsa mudzi. Nanga munthu womwetsedwa chiphe ndi mnzake womudalira adzadzuka ndi mtima wotani? Mordred naye, atakula, adapulumutsa moyo wa Arthur, nakhala msilikali wake wokhulupirika, mpaka kuvulala podziika pakati pa mfumu ndi mkondo. Nthawi yonseyi Merlin ankamuyang'ana ngati njoka yolowa m'nyumba. Adafika polangiza Arthur kuti akane matsenga mu Camelot, chinthu chimene iye mwini adachilakalaka moyo wake wonse, poyembekezera kuti potero Mordred afa ndi bala lake. Mordred adachira. Mtima wake udatembenuka pamene Arthur adalamula kuti Kara, mtsikana amene iye ankamukonda, aphedwe.

Tsono ndani adasula mpeni umene udapha Arthur? Olemba sewerolo adaika poyera kuti ulosi udakwaniritsidwa ndi manja a munthu amene adaukhulupirira. Mawu a chinjoka adalowa mwa Merlin ngati nankafumbwe m'nkhokwe, nadya chifundo chake pang'onopang'ono. Ndipo musaiwale kuti chinjokacho chidali ndi zofuna zake: chinkafuna kumasulidwa, ndipo tsiku limene Merlin adadula unyolo chidayamba kutentha Camelot. Mlosi amene ali ndi phindu mu ulosi wake, ameneyo ndiye anyamata anga akumuyesa mboni yosakondera.

Nkhani yoteroyo ife Asilamu tili nayo yeniyeni, osati yopeka. Kumayambiriro kwa Surah Al-Qasas, Allah akutiuza za Firiauna amene ankazinga ana aamuna a Aisiraeli ndi kusiya aakazi. Akatswiri a Tafsir adafotokoza kuti chidamuchititsa ndi mantha a ulosi wakuti mwa anthuwo mudzabadwa mnyamata wodzagwetsa ufumu wake. Adapha makanda osawerengeka, koma Musa (AS) adakulira m'nyumba yake yomwe, akudya chakudya chake. Amene akunena kuti Merlin akadapha kamwana kaja aima pa mzere wa Firiauna asakudziwa.

Mmodzi wa anyamatawo, wochenjera pa Qur'an kuposa anzake, adandiponyera funso labwino: nanga Khidr sadaphe mnyamata chifukwa cha zimene akadadzachita atakula? Zoona, zili mu Surah Al-Kahf. Koma werengani mpaka ndime 82. Khidr mwini wake adamuuza Musa kuti sadachite zimenezo mwa maganizo ake. Lidali lamulo lochokera kwa Mwini kudziwa. Onaninso kuti Musa, Mtumiki wa Allah, adadzudzula pomwepo, chifukwa malinga ndi malamulo oonekera kupha wosalakwa ndi tchimo lalikulu. Chivumbulutso chidatsekedwa ndi Mtumiki Muhammad (SAW). Palibe sheikh, palibe sing'anga, palibe mneneri wa pa wailesi amene lero angadzitche Khidr. Ndime 65 ya Surah An-Naml ikuphunzitsa kuti zobisika sazidziwa aliyense kumwamba ndi pansi kupatula Allah, ndipo ndime yomaliza ya Surah Luqman ikuti munthu sadziwa ngakhale chimene apeze mawa kapena dziko limene adzafere.

Wina anena kuti Ustazi akulitsa nkhani ya ana. Ndikadakonda zikadakhala choncho. Mu Januwale 2016 ku Neno, okalamba anayi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo chifukwa mtsikana wina adafa ndi mphenzi, ndipo anthu adagamula kuti agogowo ndiwo adaitumiza. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidayamba ku Mulanje ndi ku Phalombe, zidafika kuno ku Chiradzulu ndi ku Blantyre, anthu naphedwa pongoganiziridwa, mpaka bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma ena. Ife tidaona ndi maso anyamata atagwira zibonga usiku, akuimitsa mlendo aliyense wonyamula chikwama. Opha aja sadaone magazi opopedwa. Adali ndi mawu a munthu wina wodzitcha wodziwa zobisika, ndi chitsimikizo chakuti akudziwa za mumtima mwa mnzawo. Lamulo la dziko lino loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti lilipo kuyambira 1911, koma lamulo silingagwire dzanja la khamu limene mtima wake udagamula kale.

Ndipo tisaloze chala kutali. Pakati pathu pomwe pali anthu ovala mikanjo yoyera amene amaombeza polemba mizere pamchenga kapena pambale, nauza mayi wodwalitsa mwana kuti apongozi ake ndiwo amutchera, nauza msodzi kuti ukonde wake wamangidwa ndi m'bale wake. Amayamba ndi Bismillah, ndipo chifukwa cha chimenecho timawaopa kuwadzudzula. Hadith ya mu Sahih Muslim ikuchenjeza kuti wopita kukafunsa kwa mlosi Swala yake silandiridwa kwa mausiku makumi anayi. Chimachitika pambuyo pake tonse tikuchidziwa. Mayi uja amasiya kupereka moni kwa apongozi, amaletsa ana kudya kumeneko, gogoyo amakwiya nalankhula mawu owawa, ndipo mudzi umati: mwamva, si uja adanena sheikh? Ndi njira yomweyo ya Morgana, kungoti pano palibe wojambula, ndipo womenyedwayo sadzuka kanema akatha.

Palinso poizoni wachiwiri m'mawu a anyamata aja, wosiyana ndi woyambayu koma wa muzu umodzi. Wachinayi uja, amene ankakana zoti mwana aphedwe, chifukwa chake chidali chakuti Mordred alibe mlandu popeza zidalembedwa kale. Apa napo ndikukana. Timakhulupirira Qadar, chikonzero cha Allah, ndipo ndi nsanamira ya Imani. Koma zolembedwazo palibe wa ife adaziwerenga, choncho palibe angabisale kumbuyo kwake. Umar (RA) atamva kuti ku Sham kwagwa mliri adabwerera panjira ndi anthu ake, ndipo atafunsidwa ngati akuthawa chikonzero cha Allah adafotokoza kuti kubwerera kwakeko nakonso ndi chikonzero cha Allah. Mordred adasolola lupanga ndi dzanja lake. Merlin adathira chiphe ndi dzanja lake. Aliyense ali ndi mtolo wake.

Za kuweruza zolinga za munthu, chimene anyamata amathera nacho maola (kodi Morgana adali woipa chibadwire? kodi Mordred ankanamizira kukhulupirika?), ndidawakumbutsa za Usama bin Zaid (RA). Pa nkhondo ina adapha munthu amene adali atangotamula Shahada, poganiza kuti watamula chifukwa choopa lupanga. Mtumiki (SAW) adamudzudzula kolimba, namufunsa ngati adang'amba mtima wa munthuyo kuti aone zamkati, ndipo adabwereza mpaka Usama adalakalaka akadalowa Chisilamu tsiku lomwelo. Pa kanema wojambula amatilowetsa m'chipinda cha Morgana, timamuona akumwetulira mwachinyengo anthu atatembenuka, ndiye timazolowera kuganiza kuti mitima imaoneka. Kunja kuno palibe kamera yotere.

Sindidalande foni ya aliyense tsiku lija. Ndidawapatsa ntchito: aliyense akawerenge ndime 6 ndi 12 za Surah Al-Hujurat ndi tanthauzo lake m'Chichewa, zija zonena za kufufuza nkhani yobwera ndi munthu wosadalirika ndi kupewa kuganizirana zoipa, kenako akaonerenso gawo limene Merlin akumwetsa Morgana chiphe, adzandiuze Lolemba pamene zinthu zidayambira kupotoka. Atatu adavomera mosangalala, poti aka kadali koyamba Ustazi kuwatuma kukaonera filimu. Wachinayi adatsalira anzake atapita. Adaima kanthawi akukumba pansi ndi chala cha phazi, kenako adandiuza kuti agogo ake aakazi akhala okha kuseri kwa mudzi kuyambira chaka chatha, ndipo mayi ake adamuletsa kukawatungira madzi.